Westonbirt m'nyengo yoyoyoka masamba: kodi ndi koyenera kupitako ndi ana?

Munda wa mitengo wa Westonbirt uli m'chigawo cha Gloucestershire ku England, m'mbali mwa msewu wa A433, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5 kuchokera ku tauni ya Tetbury. Umatchuka chifukwa cha masabata ochepa a mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, pamene masamba a mitengo yake amachita chikasu, amafiira, kenaka n'kuyoyoka, ndipo anthu amachokera ku Bristol, Bath, Swindon ngakhale ku London kudzajambula zithunzi. Ine ndikuuyeza ngati kholo limene likufuna kuti ana ake, amene akukulira m'tauni ya kuno ku England ndipo tsiku lonse amakhala pakati pa makoma a sukulu ndi a nyumba, audziwe mtengo pougwira, poununkhiza ndi pofunsa chifukwa chake ukuchita zimene ukuchita. Pa ntchito imeneyi ndikuona kuti Westonbirt ndi malo abwino kwambiri, koma phindu lake limadalira kholo kuposa mmene limadalirira zimene oyang'anira malowa akonzera ana. Mundawu uli ndi zipangizo zonse zophunzitsira, koma mphunzitsi muyenera kubwera naye nokha, ndipo mphunzitsiyo ndi inu.

Amene anayamba kubzala mitengo pamalowa ndi Robert Stayner Holford, mu 1829. Anali munthu wachuma, wa banja limene linalemera ndi ntchito ya zamalamulo ndiponso masheya a kampani yopereka madzi mumzinda wa London, ndipo anakhala ndi moyo pa nthawi imene anthu osaka zomera ankatumizidwa ku America, ku China ndi ku Japan kukatenga njere za mitengo yachilendo. Mwana wake George anapitiriza ntchitoyo mpaka pamene anamwalira mu 1926. Mu 1956 mundawu unaperekedwa m'manja mwa Forestry Commission, bungwe la boma loyang'anira nkhalango, ndipo lero ukuyendetsedwa ndi nthambi yake ya Forestry England mothandizana ndi bungwe la Friends of Westonbirt Arboretum. Kukula kwake ndi maekala 600, muli mitengo pafupifupi 15,000 ya mitundu pafupifupi 2,500, ndipo njira zake zonse mutaziphatikiza zimakwana makilomita 27. Palibe banja limene lingamalize zonsezi tsiku limodzi, ndipo kuyesa kutero ndiye njira yachidule yoti ana adane ndi mitengo.

Chinthu chimodzi cha m'mbiri imeneyi chimakhudza mmene mungaphunzitsire ana. Holford sanabzale mitengo motsata mayiko kumene inachokera kapena motsata mabanja ake monga amachitira m'minda ina ya zomera. Iye ankafuna kukongola, choncho ankaika mtengo wa masamba ofiira patsogolo pa mtengo wobiriwira kwambiri kuti kufiirako kuoneke bwino, n'kusiya mipata ikuluikulu yoti maso aziona patali. Zotsatira zake n'zakuti mwana akayenda mapazi makumi awiri okha amadutsa mtengo wa ku Japan, wa ku California ndi wa ku Iran. Kwa munthu wofuna phunziro la dongosolo zimenezi n'zosokoneza, koma kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri n'zimene zimamugwira mtima, chifukwa mitengo yoyandikana imasiyana kwambiri moti kusiyanako amakuona yekha asanauzidwe.

Mundawu uli ndi magawo awiri akuluakulu, Old Arboretum ndi Silk Wood, ndipo pakati pake pali dambo la udzu lotsetsereka. Ndikulangiza kuti muyambire ku Old Arboretum ana asanatope, chifukwa kumeneko n'kumene kuli Acer Glade, malo amene mitengo ya maple ya ku Japan inabzalidwa pamodzi pansi pa mitengo italiitali. Mitengo imeneyi ndi yaifupi, nthambi zake zimatsika mpaka pa msinkhu wa mwana, ndipo masamba ake ali ngati dzanja lotambasula zala. Mwana akaima pansi pake dzuwa likuwomba kuchokera kumbuyo kwa masambawo safunikira kuuzidwa kuti ayang'ane. Funso limabwera lokha, ndipo kawirikawiri limakhala lakuti, n'chifukwa chiyani awa afiira pamene ajawo akadali obiriwira?

Kholo liyenera kufika ndi yankho la funso limeneli, ndipo yankho lake si lovuta. Tsamba limabiriwira chifukwa cha chlorophyll, chinthu chimene mtengo umapangira chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Masiku akayamba kufupika usiku n'kumazizira, mtengo umaleka kupanga chlorophyll, umaphwanya yotsalayo, n'kubweza zofunika zake m'nthambi ndi m'thunthu kuti zidzagwire ntchito chaka chamawa. Chikasu chimene chimaoneka pamenepo chinalimo kale m'tsambamo, kungoti chinaphimbika. Kufiira n'kwina, chifukwa kumapangidwa pa nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba, ndipo n'chifukwa chake chaka chimene masana akuwala bwino usiku n'kumazizira pang'ono chimatulutsa maple ofiira kwambiri, pamene chaka cha mitambo ndi mvula yosalekeza chimatulutsa mitundu yofooka. Pomaliza, pamene phesi la tsamba limalumikizana ndi nthambi pamamera kakhungu kotseka njira ya madzi, ndipo mphepo ikangowomba tsamba limathothoka osasiya bala lotseguka. Mwana angathe kuyesa yekha mfundo ya dzuwayi poyang'ana mtengo umodzi mbali imene imawombedwa ndi dzuwa ndi mbali ya mumthunzi, ndipo nthawi zambiri adzapeza kuti kufiira kwayambira kudzuwa ndi kunsonga.

Pano kholo lochokera ku Malawi kapena kum'mawa kwa Zambia lili ndi chuma chimene makolo ambiri a kuno alibe. Tonse tinaona nkhalango za miombo zikufiira mu Ogasiti ndi Seputembala mvula isanagwe, mitengo ya tsamba ndi ya mombo itavala masamba ofiira ndi ofiirira. Chofiiritsa masamba amenewo ndi cha mtundu womwewo ndi chimene chimafiiritsa maple, koma kwathu masamba ofiira ndi atsopano, ongophuka kumene, pamene kuno ndi okalamba amene atsala pang'ono kugwa. Mlambe nawo umayoyola masamba ake onse, koma umatero pothawa chilala kuti usataye madzi, pamene mitengo ya ku England imathawa kuzizira ndi mdima wa Disembala ndi Januwale. Mwana amene wamva zimenezi kuchokera pakamwa pa mayi kapena bambo ake, ataima pansi pa mtengo wofiira, waphunzira sayansi ndipo waphunziranso kuti kwawo kwa makolo ake kuli nkhalango zokhala ndi nyengo zakezake. Palibe chikwangwani cha m'mundamu chimene chingamuuze zimenezo.

Komabe zikwangwani za pamitengo ndi chinthu chimene ndimachiyamikira kuposa china chilichonse ku Westonbirt. Pafupifupi mtengo uliwonse wobzalidwa uli ndi kachikwangwani kolembapo dzina lake la Chilatini, banja lake ndi dziko limene umamera mwachilengedwe, ndipo mitengo imene inaposa inzake yonse ya mtundu wake m'dziko muno pa kutalika kapena kukula kwa thunthu ili ndi tizikwangwani ta mtundu wa buluu. Ana amene angoyamba kuwerenga amakonda kusaka timeneti, ndipo okulirapo angathe kulemba mayiko amene apeza n'kukawafufuza pa mapu akafika kunyumba. Ndi masewera osalira ndalama, ndipo amachititsa mwana kuyandikira thunthu lenileni m'malo mongoliyang'anira patali.

Pali mitengo ingapo imene ndimaona kuti banja lisachoke lisanaipeze. Woyamba ndi katsura, wochokera ku Japan ndi ku China, umene masamba ake akayamba kufota amatulutsa fungo ngati la shuga wopserera mumphika. Fungolo limamveka mtengowo usanaoneke, choncho mungawauze ana kuti ausake ndi mphuno. Wachiwiri ndi giant redwood wa ku California, umene njere zake zinafika ku Britain mu 1853. Khungwa lake ndi lochindikala ndiponso lofewa moti mwana akalikankha ndi chikhato limabonyoka pang'ono, ndipo kuchindikala kumeneko n'kumene kumauteteza ku moto wa m'nkhalango kwawo. Wachitatu ndi paperbark maple, umene khungwa lake lofiirira limasendeka lokha timapepala topyapyala. Anaubweretsa kuchokera ku China mu 1901 ndi Ernest Wilson, munthu wobadwira m'chigawo chomwechi cha Gloucestershire, ndipo lero mtengowu wasowa kwambiri m'nkhalango za kwawo ngakhale kuti m'minda ya ku Ulaya ulimo wambiri. Mfundo imeneyi imatsegula nkhani ya chifukwa chimene minda ngati uno ilipo, ndipo kholo la ku Malawi lingathe kuilumikiza ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unatsala pang'ono kutheratu, ndipo akatswiri a ku Bedgebury, munda wina wa Forestry England umene uli ku Kent, anathandizapo pa ntchito youbzalanso.

Kwa ana amene afika pa kuchulukitsa ndi kugawa manambala, tengani chingwe choyezera. Pali lamulo lodziwika pakati pa anthu a zankhalango kuno lakuti mtengo womera poyera umawonjezera masentimita pafupifupi 2.5 pa chaka pa kuzungulira kwa thunthu lake, mukayeza pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Mwana amazunguliza chingwe, amagawa ndi 2.5, ndipo amapeza zaka zoyerekeza. Chosangalatsa n'chakuti lamuloli limalephera poyera pa redwood, umene umakula msanga moti masamu amaupatsa zaka zambiri kuposa za munda wonsewo, ndipo kukambirana chifukwa chimene yankho lalakwikira kumaphunzitsa kuposa yankho lolondola. Aang'ono angatole njere za maple zokhala ndi mapiko, kuziponya m'mwamba n'kuona mmene zimazungulirira potsika, kenaka n'kufunsidwa kuti mtengo ukupindula chiyani njere ikakagwera kutali ndi mthunzi wa mayi wake. Pepala ndi chekeni ndi zokwanira podinda maonekedwe a makungwa osiyanasiyana. Choyenera kuwakumbutsa n'chakuti atole zimene zagwa pansi zokha, osathyola kapena kusenda chilichonse, chifukwa mitengo ya muno ndi yosungidwa ndipo ina mwa iyo ndi yosowa pa dziko lonse.

Ku Silk Wood mumalowera pa mlatho wa STIHL Treetop Walkway, umene unatsegulidwa mu 2016. Ndi wotalika mamita 300 ndipo pamene wakwera kwambiri uli mamita 13 kuchokera pansi. Anaumanga mwanzeru, chifukwa umayambira pa nthaka yeniyeni n'kuwoloka chigwa, kotero kuti nthaka ndi imene imatsika pamene inu mukuyenda mosakwera masitepe, ndipo ngolo ya mwana kapena njinga ya olumala imadutsa bwinobwino. M'mbali mwake muli zofotokozera za mmene mtengo umakwezera madzi kuchokera ku mizu ndi mmene umaimira mphepo ikawomba. Ana amaukonda, ngakhale kuti ambiri amauthamanga osawerenga kalikonse. Phindu lake lenileni ndi kuona nthambi ndi ndere zomera pamenepo pafupi ndi maso, zinthu zimene pansi simungazione, choncho ndi bwino kuwaimitsa kawiri kapena katatu.

Silk Wood ndi nkhalango yakale imene mitengo yachilendo inabzalidwamo pambuyo pake, ndipo ili ndi mtima wina. Muno ndi mmene ana amaloledwa kukhala ana. Muli malo osewerera opangidwa ndi zipika ndi nthambi, ndi malo omangapo zisakasa ndi mitengo yogwa. Kumanga chisakasa kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma mwana amene wayesa kuimika mitengo itatu kuti isagwe waphunzira za kulemera ndi kutsamirana kwa zinthu, ndipo kholo limene linamangapo msasa wa kumunda limapezeka kuti ndi katswiri pamaso pa ana ake. Mukagubuduza chipika chowola mudzapeza nyongolotsi, nkhono, abongololo ang'onoang'ono ndi timizu toyera ta bowa, ndipo pamenepo mungafunse kuti masamba onsewa amene akugwa chaka ndi chaka amapita kuti. Chipikacho muchibwezere mmene chinalili. Agologolo otuwa, amene anabweretsedwa kuchokera ku North America m'zaka za m'ma 1870, amakhala otanganidwa kukwirira njere za oak nthawi imeneyi, ndipo zina zimene amaziiwala n'zimene zimamera.

M'nkhalango yomweyi muli mtengo wa lime (osati wa mandimu) umene amati uli ndi zaka pafupifupi 2,000. Ana ambiri amakhumudwa akaufika, chifukwa amayembekezera chithunthu chachikulu koma amapeza timitengo tambiri towonda tomera mozungulira. Kholo likafotokoza m'pamene chidwi chimabwera. Kwa zaka mazanamazana anthu akhala akuudula mtengowu patsinde kuti apeze mitengo ndi luzi, ndipo nthawi iliyonse chitsa chimaphukira m'mbali, bwalo n'kumakula, pakati n'kumawola, moti timitengo tonseto ndi mtengo umodzi. Aliyense amene anaona zitsa za m'munda zikuphukira pambuyo pa kudulidwa amaimvetsa nkhaniyi mosavuta. Ndimauona ngati phunziro labwino kuposa onse m'mundamu, chifukwa umasonyeza kuti kudula mtengo mwa njira yoyenera kungatalikitse moyo wake, mfundo imene ana a sukulu za kuno, amene amangomva kuti kudula mitengo n'koipa, samayembekezera.

Zimene oyang'anira amakonzera mabanja zimasintha chaka ndi chaka, choncho muyenera kuona pa tsamba lawo la pa intaneti musananyamuke. Kawirikawiri pamakhala njira yapadera ya mabanja yokhala ndi zikwangwani za mafunso, timabuku ta zochita timene ena amagulitsa, ntchito za manja pa sabata ya tchuthi cha sukulu chakumapeto kwa Okutobala, ndi maulendo otsogoleredwa ndi anthu odzipereka. Anthu odziperekawa amaidziwa mitengo yawo, ndipo mwana wa zaka khumi wokonda kufunsa angapindule nawo kwambiri, ngakhale kuti maulendowo amayenda pa liwiro ndi chilankhulo cha akuluakulu. Za njira za zikwangwani maganizo anga ndi apakatikati. Zimathandiza kuyendetsa mwana wa zaka zinayi amene akanakana kuyenda, koma zili ndi vuto limene njira zotere zili nalo kulikonse: mwana amayamba kusaka chikwangwani chotsatira, n'kumathamanga kudutsa mitengo imene anabwerera. Ngati mwaitenga njira yotere, muigwiritse ntchito kwa ola limodzi, kenaka kabukuko kalowe m'chikwama.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe polembera anthu a kwathu, ndiyo ya bowa. Okutobala ndi nyengo ya bowa ku England, ndipo pansi pa mitengo ya Westonbirt pamamera wamitundumitundu, kuphatikizapo wofiira wa madontho oyera uja amene amajambulidwa m'mabuku a ana. Ife amene tinakula tikuzula utale ndi ndelema nthawi ya dzinja timadzikhulupirira pa nkhani ya bowa, ndipo kudzikhulupirira kumeneko kuno n'koopsa. Ndelema ali m'banja la Amanita, ndipo m'banja lomwelo muli death cap, bowa wotumbululuka amene amamera pansi pa mitengo ya oak ndi beech m'nyengo imeneyi. Amawononga chiwindi, kuphika sikuchotsa poizoni wake, ndipo zizindikiro zimachedwa maola angapo kuoneka. Nzeru za bowa za ku Dedza kapena ku Chipata sizigwira ntchito ku Gloucestershire. Ana aphunzire kumuyang'ana bowa, kumujambula ndi kumusiya pomwepo. Chimodzimodzinso tizipatso tofiira ta mtengo wa yew, timene njere zake ndi zakupha, ndi njere zonyezimira za horse chestnut zimene ana a kuno amaseweretsa koma sizidyedwa, ngakhale zimafanana ndi za sweet chestnut zimene amawotcha. Mukafika kunyumba muwayang'anenso ana m'miyendo ndi m'khosi ngati alumidwa ndi nkhupakupa, chifukwa za kuno zina zimafalitsa matenda a Lyme.

Tsopano za mtengo wake wa ulendowu, pakuti apa m'pamene mabanja ambiri adzaganizira kawiri. Kulowa n'kolipira, ndipo tiketi ya m'nyengo ya masamba ofiira imakwera kuposa ya miyezi ina. Ana osakwana zaka zisanu salipira, ndipo malo oimika galimoto ali m'kati mwa mtengo wa tiketi. Matiketi a nyengo imeneyi ndi bwino kugulira pa intaneti pasadakhale n'kusankha nthawi yofikira, ndipo a Loweruka ndi Lamlungu a kumapeto kwa Okutobala amatha msanga. Vuto lake n'lakuti mumagula musanadziwe mmene kunja kudzachere, komanso mitengo ya m'mundamu sisunga kalendala: mphepo yamkuntho ya usiku umodzi ingathe kugwetsa masamba amene munalipirira kukaona. Banja lokhala pafupi limene likufuna kubwera kangapo pa chaka lingachite bwino kuwerengera mtengo wa umembala wa Friends of Westonbirt Arboretum, chifukwa kuona mtengo umodzimodzi mu Epulo, mu Julayi ndi mu Okutobala kumaphunzitsa kuposa ulendo umodzi wautali.

Mayendedwe ndiye chopinga chachikulu kwa amene alibe galimoto. Wokhala nayo amafika mosavuta kudzera mu msewu waukulu wa M4, ndipo kuchokera ku Bristol kapena ku Bath sipatenga ola. Wopanda galimoto ayenera kudziwa kuti siteshoni ya sitima yapafupi ndi Kemble, imene ili patali ndithu, ndipo mabasi a kumidzi ya kuderali ndi apatalipatali, makamaka Lamlungu. Kwa mabanja amene angofika kumene m'dziko muno, amene ambiri amagwira ntchito za mashifiti m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, njira yotheka ndi kugwirizana mabanja awiri kapena atatu, kapena gulu la kutchalitchi, n'kupita pamodzi. Kupita pagulu kulinso ndi ubwino wake, chifukwa ana amapirira mtunda wautali akakhala ndi anzawo.

Pamalopo pali zimbudzi, malo odyera ndi sitolo, koma zonsezi zili chapakati pafupi ndi polowera, kotero kuti mukalowa m'kati mwa Silk Wood mwatalikirana nazo. Aang'ono apite kuchimbudzi musanayambe. Kubwera ndi kamba wanu n'kololedwa ndipo matebulo alipo, choncho fulasiki ya tiyi ndi mandasi ophika kunyumba zimapulumutsa ndalama ndi nthawi yoima pamzere masana. Njira zikuluzikulu ndi zolimba ndipo ngolo ya mwana imayendamo, koma zosangalatsa zambiri zili pa udzu ndi m'tinjira ta dothi, ndipo mvula ikagwa matope amachuluka. Jombo ndi jekete losalowa madzi n'zofunika kwa aliyense, ndipo zovala zosinthira zikhale m'galimoto. Mukumbukirenso kuti Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane.

Nkhani ya agalu ndi yofunika kuitchula, chifukwa ana ena, ngakhalenso akuluakulu ena a kwathu, samasuka galu akawathamangira. Ku Old Arboretum agalu saloledwa kupatula othandiza anthu olumala, pamene ku Silk Wood amaloledwa kuyenda osamangidwa, ndipo masiku a Loweruka amakhala ambiri. Banja la mwana woopa agalu lingathe tsiku lonse ku Old Arboretum osasowa choona, ngakhale kuti lidzaphonya mlatho ndi mtengo wa lime uja.

Mbali ina ya Silk Wood mudzapeza malo oyera pamene panali mitengo ikuluikulu, tsopano pali timitengo tating'ono totetezedwa. Chinachititsa ndi matenda a ash dieback, oyambitsidwa ndi mtundu wina wa bowa, amene anapezeka koyamba ku Britain mu 2012 ndipo apha mitengo ya ash yambirimbiri m'dziko lonse. Oyang'anira anadula yodwalayo n'kubzala ina ya mitundu yosiyanasiyana mothandizidwa ndi ana a sukulu ndi magulu a anthu a m'madera oyandikana. Malowa si okongola ngati Acer Glade ndipo ambiri amangowadutsa, koma ndi oyenera kuimapo, chifukwa mwana amaona kuti mitengo nayo imadwala, kuti nkhalango ya mitundu yambiri imapirira kuposa ya mtundu umodzi, ndiponso chifukwa chake anthu a zankhalango amapempha alendo kutsuka matope a ku nsapato asanapite ku nkhalango ina.

Kodi zimenezi sizingachitike mwaulere pafupi ndi kwanu? Zambiri zingachitike. Bungwe la Woodland Trust lili ndi nkhalango zoposa 1,000 zimene anthu amalowa osalipira, ndipo paki iliyonse ya m'tauni ili ndi oak, sycamore ndi agologolo. Kuyeza thunthu, kuponya njere za mapiko ndi kugubuduza chipika sizifuna tiketi. Chimene mumalipirira ku Westonbirt ndi mayina pa mitengo ndi kupezeka kwa mitengo ya makontinenti angapo pamalo amodzi, ndipo zimenezi zimayamba kugwira ntchito mwana akadziwa kuwerenga ndi kuyerekeza. N'chifukwa chake banja limene ana ake onse sanakwane zaka zinayi ndingalilangize kuti lidikire, pakuti mwana wotero amasangalala mofanana ndi mulu wa masamba wa m'paki ya kuseri kwa nyumba. Zaka zapakati pa zisanu ndi khumi ndi ziwiri ndi zimene zimapindula kwambiri.

Pa za tsiku, ngati sukulu ndi ntchito zikulola, sankhani m'mawa wa pakati pa sabata, ndipo tengani nthawi yoyambirira yolowera kuti mufike ku Acer Glade makamu asanadzaze. Ngati mungathe Loweruka lokha, sabata yoyamba ya Novembala imakhala yopepukirapo kuposa ya tchuthi cha sukulu, masamba ambiri amakhala ali pansi pamene ana angawatole, ndipo mitengo ya maple ya ku Maple Loop, mbali ya Silk Wood, nthawi zambiri imakhala isanathe kufiira.